Mkwatibwi wa Tsiku Limodzi

Ine chilema changa n'chofunsa. Ndikakwera minibasi n'kuona mayi wavala diresi losokedwa bwino, maso anga sachoka pa msoko mpaka nditadziwa pamene singano inalowera ndi pamene inatulukira, ndipo nthawi zina ndimapitirira nazo siteji yanga. Ndine telala. Masiku amenewo, chapakati pa zaka za m'ma 2000, makina anga opalasa ndi mwendo ankakhala pakhonde la nyumba ya lendi ku Kawale. M'nyumbamo tinalimo atatu: ine, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 3, ndi mng'ono wanga amene ndinakamutenga kwathu ku Ntcheu amayi atamwalira. Bambo a mwanayo anali atapita ku Joni kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera.

Mng'ono wangayo ankadwala mtima. Sanabadwe nawo matendawo. Ali wamng'ono ankadandaula zilonda zapakhosi nyengo yozizira iliyonse, ife n'kumupatsa madzi amchere kuti achukuche, ndi timapilitsi ta pa hokala. Kenako ankati maondo ndi akakolo akuphwanya, ife n'kumati n'kukula kumeneko. Atafika Fomu 3 anayamba kutula ndowa kawiri pakati pa kiyosiki ya madzi ndi nyumba, mtunda woti mwana wanga ankauthamanga osapuma. Ndinamukalipira kuti wayamba ulesi wa atsikana a m'tauni. Miyendo itayamba kutupa, nsapato n'kukana kulowa, m'pamene ndinamutengera ku chipatala chachikulu, ndipo mawu a ulesi aja amandiwawabe mpaka lero.

Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse tinkapita kukabayitsa jakisoni wa mankhwala oyera, olimba ngati phala, wopweteka moti ankatuluka akukoka mwendo. Amene ankabaya anali namwino wina wachikulire, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndinamutopetsa ndi mafunso mayi ameneyu. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti pakhosi ndi mtima zikukumana pati. Tsiku lina anatembenuza kabuku ka kuchipatala n'kundijambulira pachikuto.

"Mayi, mtima uli ndi zipinda, ndipo zipindazo zili ndi zitseko. Kachilombo kakalowa pakhosi, asilikali a m'thupi amapita kukamenyana nako. Mwa ana ena asilikaliwo amasokonezeka, amakamenyanso zitseko za mtima. Chitseko chimatupa, chikamapola chimapindika, ndiye sichitsekanso bwino. Magazi amayamba kubwerera m'mbuyo."

"Nanga n'chifukwa chiyani mwa ana ena okha? Ine pakhosi ndinkadwalanso, tinkagona mphasa imodzi."

"Chimenecho sitikuchidziwa bwino."

"Ndiye ana otere alipo angati m'Lilongwe muno?"

"Chimenechonso sitikuchidziwa. Timaona okhawo amene afika kuno miyendo itatupa kale."

Kanali koyamba kumva munthu wa yunifolomu yoyera akuvomera kuti sakudziwa. Zinandikwiyitsa, komanso zinandilanda mtendere. Pobwerera ndinatsikira pamsika n'kugula mtima wa mbuzi, ndipo kunyumba ndinaung'amba ndi sizasi yanga yodulira nsalu kuti ndione ngati zitsekozo zilipodi. Zinalipo, tinthu topyapyala togwidwa ndi timaulusi toyera, tosokedwa bwino kuposa chilichonse chimene ine ndinasokapo. Mng'ono wanga anaweramira pa mbale, anakhudza kamodzi ndi chala, n'kunena kuti mbuzi imeneyi inafa ndi mtima wabwino kuposa wake. Tinauotcha n'kudya atatu.

Adokotala anali atatiuza kale kuti zitseko zowonongeka amazisintha kunja, ku Joni, koma kuti ofuna ndi ambiri, mtengo wake ndi wogulira nyumba, ndipo mtima wa mng'ono wangawo unali utakula kale moti sankakhulupirira kuti ungapirire mpeni. Pa mawu onsewo ine ndinatolapo amodzi okha, akuti Joni. Mng'ono wanga anamva onse.

Pa benchi yodikirira jakisoni tinkakumana amayi omwewomwewo mwezi ndi mwezi, a ku Biwi, a ku Chinsapo, a ku Mgona, aliyense ndi wake wobanika. Tsiku lina namwino uja anatiuza kuti dokotala wina wabwereka makina aang'ono onyamula m'manja ounikira mtima. Ankafuna kuyenda nawo m'masukulu angapo a pulayimale kukaunika ana ooneka athanzi, kuti adziwe kuti matendawa abisala mwa angati, ndiponso ngati jakisoni woyambidwa msanga angateteze chitseko chisanawonongeke. Anati ndi kafukufuku. Chosowa chinali mafuta a galimoto, mapepala, ndi mankhwala obayira ana amene angapezeke nawo. Sanatipemphe kanthu, ankangodandaula uku akupukuta magalasi. Koma amayi a pa benchi akamva vuto sakhala chete. Wina anati tiyende ndawala yopempha thandizo kuchokera ku Biwi mpaka m'tauni, ana athu odwalawo atsogole ndi zikwangwani. Mng'ono wanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndawala ya anthu obanika? Tikafika pa mlatho mawa madzulo. Tipange ukwati, ine ndikhale mkwatibwi. Mkwatibwi ntchito yake n'kukhala pampando."

Ankanena ukwati wamasewera uja. Kutchalitchi kwathu tinamangira mpanda ndi ukwati woterewu. Mumasankha mkwati ndi mkwatibwi ongoyerekeza, mumaphika keke, mumabwereka holo ndi zokuzira mawu, anthu amavina n'kumaponya ndalama pa perekani-perekani monga pa ukwati weniweni, ndipo zopezekazo zimapita ku ntchito imene mwagwirizana. Anthu a ku Kawale mukawapempha ndi pepala amati mubwere mwezi ukatha, koma mukawaikira nyimbo n'kuwaitana pagulu, matumba amatseguka okha.

Nkhaniyo ndinaitengera kwa amayi apampando a gulu la amayi kutchalitchi kwathu, ndipo anavomera ndisanamalize kufotokoza. Lamulungu analengeza kuti kukhala ukwati wothandiza pa matenda a mtima, mkwatibwi ndi mwana wathu uja nonse mukumudziwa. Sananame. Koma kwathu ndalama ya matenda imakhala ndi nkhope. Timasonkhera munthu, timamuperekeza ku depoti, timadikira kuti abwere atachira. Zosonkhera funso palibe anazionapo. Pofika Lolemba, Kawale yense ankadziwa kuti mtsikana wa kwa atelala akupita ku Joni kukachitidwa opaleshoni.

Ine sindinatsutse, ndipo ndisabise, sikunali kuiwala. Makasitomala akafunsa kuti nanga anyamuka liti, ndinkayankha mapini ali kukamwa kuti zonse zili m'manja mwa madokotala. Mumtima ndinali ndi pulani yanga. Ndinkati ndalama zikachuluka ndikagwada kwa amayi a pa benchi ndi kwa namwino, ndikawauze kuti anthu apereka poona nkhope ya mng'ono wanga, choncho zikhale poyambira ulendo wake. Ana a m'masukuluwo sindinkawadziwa. Uyu ndinkamuona tsiku ndi tsiku akugona chokhala, atatsamira mapilo atatu.

Mkwati anasankhidwa kuti anthu aseke. Anali bambo wachikulire wokonza mawotchi ndi mawailesi pafupi ndi msika, wamfupi, wadazi, amene akazi ake anamwalira kalekale. Koma madalawo nkhaniyi sanaitenge mwamasewera. Anatumiza ankhoswe awiri ndi tambala, anayamba kunditchula kuti alamu, ndipo akamadutsa pakhonde langa ankavula chipewa n'kufunsa kuti akazi awo adzuka bwanji. Mng'ono wanga ankayankha ali m'nyumba kuti adzuka bwino koma shuga watha, ndipo mawa lake ankabweradi ndi kapaketi. Tsiku lina ndinawafunsa, monga mwa chizolowezi changa, kuti munthu wamkulu ngati iwo avomereranji kusekedwa ndi holo yonse. Anati akazi awo enieni anamwalira miyendo itatupa chimodzimodzi, ndipo mpaka tsiku limenelo palibe anali atawauza kuti chinawapha n'chiyani.

Diresi ndinasoka ndekha, la nsalu ya makatani oyera a pa kaunjika, velo n'kubwereka. Linandivuta chifukwa thupi lake silinkakhala pa muyeso umodzi. Lero ndayeza, pakutha pa sabata mimba yatupa ndi madzi, tepi ikunena zina. Ndinasiya msoko waukulu mbali zonse ziwiri kuti ndizitha kumasula. Tsiku lina akuyesa, mayi woyandikana nafe analowa, anaimba nthungululu n'kunena kuti, "Ukakachira ku Joniko usakachite za alamu ako, ubwereko." Atatuluka, mng'ono wanga anandiyang'ana kudzera pagalasi.

"Achemwali, anthu mwawauza chiyani?"

"Sindinawauze kanthu. Ima bwino, ndingakubaye."

"Ndiye mwawasiya aziganiza choncho."

"Ukufuna ndiziyenda khomo ndi khomo kuwauza kuti apereke ndalama zoti dokotala akawerenge ana a eni? Akupatsa ndani? Wodwala ndiwe, ndalama zibwera chifukwa cha iwe, ndiye zipite kwa ana oti sakudwala n'komwe? Mutu wako ukugwira?"

"Adokotala aja ananena kuti mtima wangawu sungapirire mpeni. Munalipo."

"Dokotala si Mulungu."

Anangokweza manja kuti ndimuvule diresi, ine n'kuganiza kuti ndapambana. Ndinaiwala kuti mwanayu anatengera amayi, amene akangokhala chete ndiye kuti asankha kale chochita.

Ukwati unachitika Loweruka masana, mwezi wa fumbi, m'holo ya tchalitchi. Anthu anadzaza mpaka ana kukangamira m'mawindo. Aperekezi analowa akuvina masitepe awo, akwati akubwera pambuyo pang'onopang'ono, ndipo apa ndinaona chinthu chimene ena sanachione. Mpweya ukamuthera, mng'ono wanga ankafinya mkono wa madala aja, iwo n'kuima, kutulutsa wotchi ya m'thumba, kuiyang'ana, kuigwedeza pakhutu ngati yafa. Anthu ankafa nalo phwete, iye n'kupeza mpata wopuma. Anaima katatu asanafike kumpando.

Woyendetsa mwambo anali mphunzitsi wina wa pakamwa pakuthwa. Anaitana a ku Ntcheu onse. Anaitana onse amene mawotchi awo anakalambira kwa mkwati osakonzedwa. Anaitana onse amene ine ndinawauzapo kuti diresi lawo litha mawa, ndipo pamenepo holo yonse inanyamuka. Ndalama zinkagwera m'lichero, zina pansi, ine ndikuvina mtima uli m'malo, ndege ndikuiona kale m'maganizo. Kenako mphunzitsiyo anati, "Tsopano onse amene mukufuna kuti mkwatibwi wathu akwere ndege akachire, bwerani ndi zamapepala zokhazokha."

Mkwatibwi kwathu salankhula. Amazolika, amayang'ana maluwa ake, ndipo nthabwala ikome bwanji saonetsa mano. Choncho mng'ono wanga atakweza velo n'kutambasula dzanja kupempha maikolofoni, woika nyimbo anazimitsa yekha osauzidwa. Sanaimirire. Analankhula atakhala pomwepo, mawu atatu kapena anayi, kupuma, mawu ena atatu.

"Amayi ndi abambo, pepani. Ine sindikupita ku Joni. Mtima wanga unawonongeka kale, ndinachedwa. Ndalama izi ndi zoti adokotala akaunike ana m'masukulu, aone ngati matenda angawa ayamba mwa ena miyendo isanatupe. Mwina akapeza ambiri, mwina sakapeza aliyense. Sakudziwa, n'chifukwa chake akufuna kukaona. Amene mwapereka poganiza kuti ndi za ndege, lichero ndi ili, palibe mlandu."

M'holo munayamba manong'onong'o. Amayi apampando anatembenuka n'kundiyang'ana, manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Bambo wina wogulitsa matabwa ananena mokweza kuti tanamizidwa, n'kutuluka ndi banja lake lonse. Mayi wina anapita kutsogolo, anasankha m'lichero ndalama imene anaponya, anaimanga pa chitenje n'kumapita. Palibe anamuletsa, ndipo ine sindimuweruza. Mwina anachotsa pa ya ndiwo za mawa poganiza kuti akupulumutsa munthu amene akumuona ndi maso.

Ndiye madala aja anaimirira, anakonza jekete, n'kulandira maikolofoni kwa mkwatibwi.

"Akazi anga anena zoona, ndipo mwamuna satsutsa mkazi wake tsiku la ukwati. Ine pakhomo panga palibe ana, koma funso ndili nalo. Ndani muno amene mwana wake anadwala pakhosi nyengo yozizira yapitayi? Amenewo ndi amene ndikuwaitana."

Nyimbo inayambiranso, koma kwa kanthawi palibe ananyamuka. Anayamba ndi amayi a pa benchi aja, kenako mayi wogulitsa mandasi pa siteji, kenako ena, osavina kwenikweni, akungoyenda, ena atagwira ana awo padzanja. Sinali holo yonse. Ine ndinakhala pampando wanga. Mwana wanga anali atadwala pakhosi kawiri chaka chimenecho, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe. Ndinadziuza kuti ndakhala chifukwa cha mkwiyo. Mkwiyowo unalipodi, koma chachikulu anali mantha.

Zopezekazo zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zikanabwera bodza lija likanafika madzulo. Amayi a pa benchi anakazitula kwa namwino, ine sindinapite nawo. Kwa masabata awiri ine ndi mng'ono wanga tinkalankhulana za mchere ndi makala basi. Makasitomala ena anasamukira kwa telala wa kuseri kwa msika, ndipo ndinamva kuti ankati telala kunama za tsiku lotha diresi n'chizolowezi, koma uyu wanama za matenda. Mmawa uliwonse ndinkangoona diresi loyera lija lili pa msomali, ndipo sindinkadziwa ngati ndilimasule likhalenso makatani.

Patapita miyezi ingapo, mwana wanga anabwera ndi pepala kuchokera kusukulu. Sukulu yawo inali imodzi mwa zosankhidwa, ndipo kholo linkayenera kusaina kuti mwana aunikidwe. Makolo ena anakana chifukwa cha mphekesera zoti makinawo amapopa magazi. Ine zimenezo sindinkazikhulupirira, chifukwa mng'ono wanga anaunikidwapo ndi makina otere kuchipatala n'kutuluka ndi magazi ake onse. Komabe pepalalo ndinalipinda kanayi n'kulibisa m'kabati ka makina, pansi pa mabobini. Ine amene ndimapitirira siteji chifukwa cha msoko wa diresi la munthu wosamudziwa, ine amene ndinang'amba mtima wa mbuzi, funso limeneli lokha sindinafune kumva yankho lake.

Analipeza mng'ono wanga akufuna ulusi wakuda. Anabwera nalo pakhonde atagwirira khoma, analitambasula pa makina n'kuikapo cholembera.

"Sainani, achemwali."

"Mwanayu ali bwino. Sukumuona mmene akuthamangira pa fulaye?"

"Inenso ndinkasewera fulaye."

"Nanga akamupeza nawo?"

"Ndiye kuti amupeza akuthamangabe. Ine anandipeza nsapato zitakana."

Ndinasaina.

Tsiku lounika ndinavundikira makina n'kuperekeza mwana wanga kusukulu. Anali atatchinga ngodya ya kalasi ndi zitenje, ana n'kumawagoneka pa madesiki awiri ophatikiza. Dokotalayo anali wachinyamata kuposa mmene ndinkaganizira, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi. Anapaka mwana wanga mafuta ozizira pachifuwa, anaikapo kachipangizo kokwana m'dzanja, ndipo pa kagalasi panaoneka chinthu chotuwa chikugunda. Mantha anandisiya kaye. Ndinaona zipinda zija namwino anandijambulira, ndinaona zitseko zikutseguka n'kutsekeka. Ndinafunsa kuti chofiiracho n'chiyani, chabuluucho n'chiyani, nanga makinawo akuona bwanji mkati popanda kung'amba. Ankayankha mosangalala, monga munthu amene wakhala nthawi yaitali osafunsidwa za ntchito yake. Kenako anasiya kuyankha. Anabwerera pamalo amodzi, anapendeketsa kachipangizo kaja, anabwereraponso. Kukhala chete koteroko ndimakudziwa, ndi mmene ndimachitira ine ndikapeza kabowo pa nsalu ya kasitomala.

"Mayi, chitseko chimodzi chayamba kudontha pang'ono. Taonani kamzere aka kakubwerera m'mbuyo. Tikamuonenso kuchipatala, koma ndikuganiza kuti ayambe jakisoni."

"Adzafika ngati mayi ake aang'ono?"

"Sindingalonjeze. Koma uyu tamupeza molawirira kwambiri, ndipo chimene tikufuna kudziwa n'chimenecho."

Kunyumba tinapeza mng'ono wanga atakhala pakhonde, miyendo ataisanjika pa ndowa. Anangoona nkhope yanga. Sanati ndinakuuzani. Anakokera mwanayo pafupi n'kufunsa ngati akufunsa mtengo wa tomato, "Chitseko chiti? Chakumanzere ngati changa?" Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira, mutu nditautsamiritsa pa maondo ake otupawo. Ndinamupepesa za ulesi uja, za bodza lija, ndi za pepala. Iye anati ndisamunyowetsere chitenje chifukwa chinacho chikadali pachingwe.

Mwezi wotsatira pa benchi anakhala awiri. Mng'ono wanga anamuphunzitsa mwanayo kugona chafufumimba, kufewetsa mwendo, kuluma ngodya ya chitenje, ndi kuyendayenda akatuluka kuti mankhwala asaundane. Ankatuluka onse akukoka mwendo mbali imodzi, amayi a pa benchi n'kumawaseka kuti akuvina sitepe ya ukwati uja. Anabayitsa limodzi miyezi yowerengeka. Mvula ya chaka chotsatira itayamba, mng'ono wanga anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanatulukemo.

Pa maliro madala a mawotchi anabwera atavala suti yomwe ija ya pa ukwati. Sanakhale ndi anthu a mumpingo. Anatuma ankhoswe awo aja kuti akawanenere kwa amalume athu ochokera ku Ntcheu, anapereka nsalu monga achitira mwamuna, n'kukhala pansi mbali ya achibale mpaka mwambo wonse unatha. Palibe anaseka. Amalume anandifunsa monong'ona kuti mwanayu anakwatiwa liti osawauza. Ndinayamba kufotokoza, mawu n'kundithera panjira, ndiye ndinangoti anakwatiwa mwezi wa fumbi ndipo anapeza mwamuna wabwino.

Zotsatira za kafukufuku uja sindinazione, ndimangomva kuti zinalembedwa m'Chingerezi. Funso langa loyamba lija, loti n'chifukwa chiyani mwa ana ena okha, palibe amene wandiyankha mondifika pamtima, ndipo ndikakumana ndi munthu wa kuchipatala ndimafunsabe. Mwana wanga anabayitsa jakisoni zaka zambiri, akung'ung'udza mwezi uliwonse. Lero amasenza ndowa kuchokera ku kiyosiki osatula panjira, mwana wake ali kumsana.

Ine ndikadali pakhonde ndi makina omwe aja. Sukulu zikamatsegulira amayi amabwera ndi ana kudzayesa yunifolomu, ndipo ndikamva mwana akumeza malovu movutika ndimaika tepi pansi n'kumuuza kuti ayasamule. Amayi ena amakwiya, amati atelala awa amakonda kufunsa zosawakhudza. Ndimawasiya amalize kukalipa, koma mwanayo sachoka pakhonde langa ndisanaone pakhosi pake.